Mpanda Ukamapha Agwape: Zizindikiro, Zifukwa ndi Kakonzedwe Kake

Mpanda wa waya umamangidwa kuti ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi zisasochere, kapena kuti mbewu zisadyedwe, koma agwape, nswala, mbawala ndi nyama zina zolumpha za mtundu umenewu sizidziwa malire a munda wa munthu. Zimatsata njira zimene zakhala zikudutsa kuyambira kale popita kumadzi, kobisala ndi kodya, ndipo zikapeza waya patsogolo zimayesa kulumpha, kukwawira pansi kapena kudzipanikiza pakati pa mawaya. Eni minda ambiri amachotsa nyama yakufa pampanda, amalumikiza waya woduka, kenako pakapita miyezi ingapo amapezanso ina pamalo omwewo. Vutoli limabwerezabwereza chifukwa chimene chimakonzedwa ndi waya woduka uja, pomwe cholakwika chenicheni chili pa miyeso ya mpandawo.

Kafukufuku amene Justin Harrington ndi Michael Conover anasindikiza mu 2006, atayendera mipanda yotalika makilomita oposa 1,000 ku Colorado ndi ku Utah m'dziko la United States, anapeza kuti pa makilomita 4 aliwonse a mpanda pankafa nyama imodzi pachaka. Ana a nyamazo ankafa mowirikiza maulendo 8 poyerekeza ndi zazikulu, ndipo pafupifupi 70 peresenti ya imfazo inkachitika pa mipanda ya msinkhu woposa mita imodzi.

Malangizo onse ali m'munsiwa atsamira pa mfundo imodzi. Mwini mpanda ayenera kusankha ngati akufuna mpanda woti nyama zakutchire zizidutsa bwinobwino pamene ziweto zatsekeredwa, kapena mpanda wautali ndi wothina moti gwape sangayese n'komwe kuulumpha. Mpanda wapakatikati, umene gwape amauona ngati aukwanitsa koma n'kulephera ali kale m'malere, ndi umene umapha kwambiri.

## Yambani ndi kuyeza

Tengani tepi yoyezera ndipo muyeze pakatikati pa mapolo awiri, osati papolo penipeni, chifukwa pakati ndi pamene waya amakhwefuka n'kusintha miyeso. Pa mpanda wa ng'ombe, nthambi zoona za nyama zakutchire m'madera a ku United States monga Montana ndi Wyoming zimalangiza miyeso iyi:

- Waya wapamwamba asapitirire masentimita 107 kuchokera pansi, ndipo akakhala pafupifupi masentimita 100 ndi bwino koposa.
- Pakati pa waya wapamwamba ndi wachiwiri pakhale mpata wa masentimita 30 kapena kuposerapo.
- Waya wapansi akhale masentimita 40 mpaka 45 kuchokera panthaka.
- Waya wapamwamba ndi wapansi akhale osalala, ndipo waminga, ngati akufunikadi, akhale pakati pokha.

Miyeso imeneyi inakonzedwa poganizira ng'ombe. Nkhosa ndi mbuzi zimatuluka mosavuta pampata wa masentimita 45, choncho oweta zimenezi aone kwambiri chizindikiro chachiwiri.

## Chizindikiro 1: Gwape walendewera ndi mwendo wam'mbuyo pa mawaya apamwamba

Pa mipanda ya waya waminga, ichi ndicho chimaoneka kawirikawiri kuposa zonse, ndipo amene wamvetsa mmene chimachitikira sangaiwalenso kufunika kwa mpata wa masentimita 30 uja. Gwape akamalumpha amapinda miyendo yam'mbuyo n'kuikokera kutsogolo pansi pa mimba. Mutu, chifuwa ndi miyendo yakutsogolo zimadutsa bwino, koma chiboda cham'mbuyo chikatsika pang'ono chimalowa pakati pa waya wapamwamba ndi wachiwiri. Thupi likamagwera tsidya linalo, mwendowo umatembenuza mawaya awiriwo, wachiwiri n'kukwera pamwamba pa woyamba, ndipo amapotana n'kupana mwendo pamwamba pa chiboda. Kulemera kwa nyama yomweyo n'kumene kumamangitsa mfundoyo, moti ikamaphupha waya amangolowerabe m'mnofu mpaka kufika pafupa. Magazi amasiya kufika kuchiboda, nthawi zina fupa la m'chiuno limaguluka, ndipo nyamayo imafa ndi kutopa, ludzu kapena agalu.

Zifukwa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Mawaya awiri apamwamba ayandikana. Ngati mpata ndi wochepera masentimita 30, zulani misomali yopinda imene yagwira waya wachiwiri n'kumutsitsa. Musakweze wapamwamba pofuna kukulitsa mpatawo, chifukwa mukatero mwathetsa vuto limodzi n'kuyambitsa lina.
2. Mawaya akhwefuka. Valani magolovesi, gwirani waya wachiwiri pakati pa mapolo n'kumukokera m'mwamba. Ngati dzanja limodzi likutha kumudutsitsa pamwamba pa woyamba, mwendo wa gwape uchitanso chimodzimodzi. Kungani mawayawo, koma yambani mwaona mapolo a pangodya, chifukwa polo la pangodya likapendekeka waya wokungidwa lero amakhwefukanso pasanapite nthawi.
3. Mpanda watalika. Anthu ambiri akaona agwape akulumpha amawonjezera waya wina pamwamba poganiza kuti awaletsa. Kuwonjezera masentimita 20 kapena 30 sikuletsa gwape wamkulu kuyesa, kumangochititsa kuti wotopa, wapakati kapena wamng'ono akodwe. Chotsani waya wowonjezerayo.
4. Waya wolukana ngati ukonde ali ndi waya waminga mmodzi pamwamba pake. Kafukufuku uja anapeza kuti mpanda wamtunduwu ndiwo woopsa kuposa yonse, chifukwa mkombero wa waya wolukana ndi wolimba ndipo sulola mwendo kutuluka. Chotsani waya wamingayo, kapena mutsitseni mpaka agundane ndi mkomberowo n'kuwamanga pamodzi kuti pasakhale mpata wolowa chiboda.
5. Mpanda wadutsa pamtsetse kapena m'mbali mwa ngalande. Nyama yochokera kumunsi imaona mpanda wa mita imodzi ngati wa mita ndi theka kapena kuposerapo, ndipo ilibe poimikira miyendo bwino polumpha. Yezani muli mbali yakumunsi. Pamalo otere tsitsani waya wapamwamba, kapena m'malo mwake ikani mtengo wopingasa umene chiboda chingatereke popanda kukodwa.

Ngati mwapeza gwape akadali moyo, chinthu choyamba si kudula waya ayi. Chotsani agalu ndi anthu oonerera, imani patali pamene nyamayo sikukuonani, ndipo itanani dokotala wa zinyama kapena ogwira ntchito yoteteza nyama zakutchire. Akakulangizani kuti muthandize nokha, ndipo nyamayo ili yaing'ono yopanda nyanga, pakhale anthu awiri: mmodzi aphimbe maso ake ndi nsalu yochindikala n'kunyamula thupi kuti lisalemere pamwendo, winayo adule mawaya mbali zonse ziwiri za mfundoyo. Mwendo usakokedwe. Samalani ndi ziboda zam'mbuyo, zimene zimatha kung'amba khungu la munthu, komanso waya wokungidwa amene amakwapula akaduka. Musaimasule kuti ithawe asanaione katswiri, popeza bala lopanidwa ndi waya limaoneka laling'ono tsiku loyamba koma mnofu wa pansi pake umatha kufa n'kuyamba kuwola patapita masiku angapo.

## Chizindikiro 2: Ana a agwape apezeka akufa kapena akulira m'mbali mwa mpanda

Imfa zamtunduwu sizisiya waya woduka kapena magazi, n'chifukwa chake eni minda ambiri saziwerengera kuti zachitika chifukwa cha mpanda. Mayi amalumpha n'kupitirira, kamwana kamalephera kulumpha komanso kukwawa, ndipo kamatsala kakuyenda uku ndi uku kutsata mpanda mpaka katafooka. M'kafukufuku wa ku Colorado ndi Utah, nyama zambiri zimene zinapezeka zitafa pafupi ndi mpanda popanda kukodwa zinali ana ogona m'mbali mwa waya wolukana.

Musanachite chilichonse, tsimikizani kuti kamwanako kalidi pamavuto. M'masabata oyamba, gwape wamkazi amabisa mwana wake m'udzu kwa maola ambiri n'kumabwera kudzayamwitsa basi. Kamwana kamene kagona phee, kodzipinda, kopanda bala, sikanasiyidwe, ndipo kukanyamula ndi kukalanda kwa mayi wake. Kamene kali pamavuto kamalira kwa nthawi yaitali, kamayenda mozungulira pampanda, kamakhala ndi mabala kapena ntchentche, kapena mayi wake amapezeka atafa pafupi. Musakapatse mkaka wa ng'ombe, chifukwa umakatsegula m'mimba. Itanani odziwa kusamalira nyama zakutchire.

Zifukwa zake:

1. Waya wolukana wafika mpaka panthaka. Pamene ziweto zili ng'ombe zokha, waya wotere safunika, ndipo n'kwabwino kumuchotsa n'kuika mawaya atatu kapena anayi. Pamene pali nkhosa kapena mbuzi, muzimugwiritsa ntchito pa khola ndi pamalo amene ziwetozo zilidi pa nthawiyo, ndipo mageti a madera opanda ziweto azikhala otsegula, makamaka nyengo imene nyama zakutchire zikuswa.
2. Waya wapansi watsika kwambiri kapena ndi waminga. Njira yachangu ndi kumukwezera m'mwamba n'kumumangirira kwa waya wotsatira pa malo amene nyama zimadutsa. Njira yokhalitsa ndi kuika waya wosalala pa masentimita 45.
3. Mpata wapansi watsekeka. Udzu, zinyalala zokokoloka ndi madzi, mchenga, komanso chipale chofewa m'mayiko ozizira zimatseka mpata umene unali wokwanira pomanga. Lambulani pansi pa mpanda pamalo odutsira nyama mvula yamphamvu ikangotha.

Pa minda ikuluikulu ya nkhosa, chimene chimathandiza koposa ndi kusiya kanjira kosatchingidwa pakati pa madera awiri odyetserako, makamaka m'mbali mwa mtsinje kapena mwa nkhalango. Malo otayikawo amakhala ochepa, ndipo waya sadukaduka.

## Chizindikiro 3: Nyanga zakulungidwa ndi zingwe, ukonde kapena waya

Agwape aamuna a ku Ulaya, Asia ndi America ali ndi nyanga zanthambi zimene zimathothoka n'kumeranso chaka chilichonse. Nyangazo zikakhwima, gwape amazikhutiza pa zitsamba kuti achotse khungu limene linazikuta, ndipo nyengo yokwerana ikafika, imene kwa mitundu yambiri ya kumpoto kwa dziko lapansi imakhala cha mu Okutobala ndi Novembala, amamenyetsa nyangazo pa chilichonse chogwedezeka. Chingwe chikangolowa pakati pa nthambi za nyanga, gwape amazungulira pofuna kudzimasula ndipo chimakulungika mowonjezereka mpaka kufika m'khosi. Amphongo awiri akamenyana mmodzi ali ndi zingwe kumutu, onse awiri amatha kumangika pamodzi.

1. Chingwe, lamba kapena ukonde wa mpanda wamagetsi wasiyidwa wopanda moto. Ichi ndicho chofala kwambiri. Yezani mphamvu ya magetsi kumapeto kwenikweni kwa mpanda, osati pafupi ndi makina okha, ndipo onani batire, waya wopita m'nthaka ndi udzu umene ukukhudza chingwe. Ziweto zikachoka, kulungani mpandawo tsiku lomwelo n'kuusunga m'nyumba.
2. Waya wakale ndi zingwe zatayidwa m'munda. Mpanda wakugwa umene mulibenso nawo ntchito, waya wotsala pomanga ndi zingwe zomangira udzu wa ziweto zimabisika m'udzu kwa zaka zambiri. Zulani ndi kuchotsa zonse. Pali chifukwa chinanso chosasiyira waya poyera: m'madera amene muli opha nyama mozemba, waya wosalala wotayidwa ndi amene amasanduka makhwekhwe.
3. Maukonde otchingira mbewu, zipatso kapena mabwalo amasewera akhwefuka. Akungeni bwino, ndipo achotsedwe nyengo yake ikatha.
4. Waya waminga walumikizidwa ku magetsi. Malamulo a chitetezo cha mipanda yamagetsi amaletsa zimenezi, chifukwa nyama kapena munthu wokodwa pa minga sangachoke pamene moto ukumumenya pafupifupi sekondi iliyonse. Chotsani kulumikizako nthawi yomweyo.

Apa musayese nokha. Thimitsani magetsi, chokanipo, ndipo itanani katswiri. Gwape wamphongo wokodwa nyanga amakhala ndi miyendo yonse inayi pansi ndiponso mphamvu zake zonse, ndipo akhoza kubaya munthu mpaka kumupha. Kawirikawiri amafunika kubayidwa mankhwala ogonetsa kuchokera patali. Musadulenso chingwe patali kuti athawe nacho, chifukwa akakodwanso m'nkhalango kumene palibe amene angamuone.

## Chizindikiro 4: Ubweya ndi magazi pawaya, kapena waya akuduka malo amodzimodzi

Chizindikiro ichi n'chothandiza, chifukwa chimakuonetsani pamene nyama zimadutsa imfa isanachitike. Ubweya ukakhala pa waya wapansi, nyama zikukwawa ndipo zikukandika pamsana. Ukakhala pa wapamwamba, zikulumpha n'kukhudza ndi mimba kapena miyendo. Kuti mudziwe nyama imene ikudutsa, salazani dothi kapena mchenga mbali zonse ziwiri madzulo n'kukaona mapazi m'mawa, kapena ikani kamera yodzijambulira yokha.

1. Waya sakuoneka. Agwape amayenda kwambiri m'bandakucha ndi chisisira, pamene waya wotuwa saoneka bwino pakati pa udzu. Mangirirani tizidutswa toyera ta pulasitiki yolimba pa waya wapamwamba, kapena ng'ambani paipi yoyera m'litali n'kuiveka wayayo pamalo odutsira. Maso a gwape amaona bwino mtundu wabuluu ndi zinthu zoyera, koma zofiira ndi zaolenji zimene munthu amaziona patali sizimuonekera bwino, choncho nsanza zofiira sizithandiza kwenikweni. Pewani timapepala ta pulasitiki topyapyala timene ng'ombe zingadye.
2. Mpanda watsopano wadula njira yakale ya nyama. Miyezi yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri, nyama zisanazolowere. Musalimbane ndi njirayo. Konzani malo odutsira pomwepo potsitsa waya wapamwamba, kukweza wapansi ndi kuika mtengo wopingasa, ndipo mudzaona kuti nyama zizidutsa pomwepo n'kusiya mbali zina za mpanda.
3. Nyama zikuthamangitsidwa. Gwape wodekha amaima, amayang'ana, kenako n'kulumpha. Wothawa agalu, alenje kapena magalimoto amangodziponya pawaya, ndipo amatha kuthyoka khosi. Ngati mapazi a agalu akuoneka pamodzi ndi a gwape, kukonza waya kokha sikuthetsa vutoli. Mangani agalu usiku ndipo kambiranani ndi oyandikana nawo.
4. Minga ya waya wapamwamba ndi wapansi. Ngati miyeso ili bwino koma ubweya ukupezekabe, sinthani mawaya awiriwa kuti akhale osalala.

Pamene mpanda wayandikana ndi msewu pamafunika kusamala mwapadera, popeza nyama imene yawoloka msewu n'kulephera kudutsa mpanda imabwereranso mumsewu momwemo.

## Chizindikiro 5: Gwape walowa mumpanda wautali ndipo akulephera kutuluka

Minda ya zipatso, nazale ndi nkhalango zobzalidwa kumene zimafunikadi mpanda wosadutsika. Umenewu umakhala wa waya wolukana wotalika mamita 1.8 mpaka 2.4 malinga ndi mtundu wa agwape a m'deralo, wothina mpaka pansi, ndipo pamene pali timitundu ting'onoting'ono monga muntjac maso a wayayo ayenera kukhala aang'ono kuti mutu usalowe. Vuto la mpanda wotere ndi lakuti gwape akapeza polowera, kawirikawiri sapapezanso pofuna kutuluka.

1. Geti linasiyidwa lotsegula, kapena pansi pake pali mpata waukulu.
2. Pansi pa mpanda pabooka, mwina chifukwa cha madzi okokolola nthaka kapena nyama zokumba monga nguluwe. Yendani kunja kwa mpanda wonse mukuyang'ana pamene udzu wapondedwa.
3. Mtengo kapena nthambi yagwera pawaya n'kuutsitsa mpandawo.
4. Kunja kuli chulu, mwala kapena mulu wa dothi pafupi ndi mpanda, zimene zimachititsa kuti ukhale wamfupi kwa nyama yolowa koma wautali kwa yotuluka.

Musamuthamangitse. Gwape wopanikizidwa amathamangira pangodya n'kumadziwombetsa pawaya mpaka kuthyoka nsagwada kapena khosi. Tsegulani mageti onse, ngati n'kotheka masulaninso chigawo chimodzi cha waya pangodya imene akuikonda, chotsani anthu ndi agalu, ndipo musiyeni usiku wonse. Musatseke dzenje limene analowera musanatsimikize kuti watuluka, ndipo ngati ndi wamkazi m'nyengo yoswa, onani ngati sanabise mwana mkatimo. Akakhala kuti sanatulukebe tsiku lotsatira, itanani akatswiri.

Kuti zisachitikenso, unjikani dothi mkati mwa mpanda pamalo amodzi kapena awiri kuti pakhale chitunda chokwera pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi msinkhu wa mpanda. Nyama ya mkati imakwera n'kudumphira kunja, pomwe ya kunja imaona khoma lalitali. Pangodya zosongoka kolekani masaka kapena nsalu yamthunzi kuti nyama yothamanga ione kuti palibe njira. Chinanso n'chakuti mutchinge malo okhawo amene akufunika chitetezo. Kuzungulira munda wonse ndi mpanda wa mamita awiri pofuna kuteteza kadimba kamodzi n'kuwononga ndalama komanso njira za nyama.

## Chizindikiro 6: Gwape wabayidwa kapena wapanika pa mpanda wazitsulo

Izi zimachitika kwambiri pozungulira nyumba, manda ndi mageti. Nsonga zosongoka zimabaya pamimba nyama imene yalephera pang'ono kulumpha, ndipo mipata ya pakati pa zitsulo imalola mutu ndi mapewa kudutsa koma n'kugwira m'chiuno. Dulani nsongazo kapena wotchererani chitsulo chosalala pamwamba pake, ndipo mipata ikhale yosapitirira masentimita 10, apo ayi kutani kumunsi kwa mpandawo ndi waya wa maso aang'ono. Nyama yobayidwa isazulidwe pachitsulo, ndipo yopanika isakankhidwe kapena kukokedwa. Pamafunika dokotala wa zinyama ndi zida zotambasulira zitsulo, zimene m'mayiko ambiri ozimitsa moto amakhala nazo.

## Chizindikiro 7: Gwape anamasulidwa, anathawa bwinobwino, koma wapezeka atafa

Kawirikawiri chimene chapha ndi vuto limene madokotala a zinyama amalitcha capture myopathy. Nyama ikaphupha kwa nthawi yaitali ili ndi mantha aakulu, thupi limatentha kwambiri, minofu imawonongeka, ndipo zotuluka m'minofu yowonongekayo zimalowa m'magazi n'kukaononga impso, nthawi zina ndi mtima womwe. Imfa imatha kubwera patapita maola ochepa, masiku kapena masabata. Zizindikiro zake ndi kuuma miyendo, kudzandira, kupuma mwabefu, khosi lopindika ndi mkodzo wakuda ngati wosakanikirana ndi magazi. Vutoli likayamba silichizika mosavuta, choncho chimene munthu wamba angachite ndi kuchepetsa mantha: phokoso lichepe, anthu achepe, maso a nyama aphimbidwe, ndipo isagwiridwe nthawi yaitali.

Zifukwa zina, zosafala ngati chimenechi, ndi bala lopanidwa ndi waya limene lawola, fupa loguluka kapena lothyoka limene silinaoneke pamene nyama inkathawa, ndi kutaya magazi mkati mwa thupi. Gwape amathawa ngakhale ali ndi miyendo itatu, choncho kuthawa kwake si umboni wakuti ali bwino.

## Chizindikiro 8: Nyama zambiri zikuyenda kutsata mpanda ndipo zikuwonda

Kanjira kopondedwa kwambiri kotsata mpanda mbali imodzi kamasonyeza kuti nyama zikufuna kupita kwinakwake koma zatsekeredwa. Nthawi zambiri chimene zikufuna ndi madzi, kenako msipu wa nyengo ina kapena malo obisala. Ku Botswana, mipanda yoletsa kufala kwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, kuphatikizapo wa Kuke umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1950, inatseka njira za nyama za m'chipululu cha Kalahari, ndipo pa chilala cha m'ma 1980 nyumbu zikwizikwi zinafera pafupi ndi nyanja ya Xau. Pamunda wa munthu mmodzi chiwerengero chimakhala chochepa, koma kachitikidwe kake n'kofanana.

Onani ngati mpanda wazungulira dziwe, kasupe kapena gombe lokhalo limene lili ndi madzi m'chilimwe. Ngati ndi choncho, sunthani chigawo chimenecho kapena siyani mpata. Pamene ziweto zimakhala miyezi yochepa pachaka, mangani zigawo zotha kugonekedwa pansi ziwetozo zikachoka. Ngati mpandawo ndi wa boma, wa msewu waukulu kapena woletsa matenda a ziweto, musaudule. Kanenani ku nthambi imene ikuuyang'anira.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Nyama ili ndi nyanga, kapena ndi yaikulu moti anthu awiri sangaigwire.
- Fupa likuoneka, mwendo ukulendewera, kapena nyama ikulephera kuima itamasulidwa.
- Waya walowa m'khosi, m'mimba kapena m'maso.
- Nyama yakodwa pafupi ndi msewu wodutsa magalimoto ambiri, pamene dalaivala akhoza kuchita ngozi ikamasuka.
- Mwapeza makhwekhwe otcheredwa dala pampanda, zimene ziyenera kukanenedwa kwa apolisi kapena oteteza nyama zakutchire.
- Mpanda wamagetsi ukufunika kukonzedwa pafupi ndi mawaya a magetsi akuluakulu.

M'mayiko ambiri malamulo salola munthu kusunga, kunyamula kapena kupha nyama yakutchire popanda chilolezo, ngakhale itavulala pamunda wake, choncho chigamulo chothetsa moyo wa nyama imene singachire chisiyidwe kwa dokotala wa zinyama kapena wogwira ntchito wovomerezeka. Nyama yakufa muigwire mutavala magolovesi chifukwa cha nkhupakupa ndi matenda ena opatsirana. Ikakhala kuti yafa mwadzidzidzi pafupi ndi mpanda popanda bala looneka, ndipo magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaitumbule, musaidye ndipo agalu asaiyandikire, chifukwa zimenezi zimatha kukhala zizindikiro za anthrax, matenda oopsa amene amagwira nyama ndi anthu omwe. Dziwitsani a zaumoyo wa ziweto tsiku lomwelo. Musanaichotse nyama iliyonse yofera pampanda, jambulani chithunzi chosonyeza waya amene anaigwira ndipo lembani malowo ndi tsiku lake, kuti pokonza mudziwe chigawo choyambira.